Kodi makina a CBCT ojambulira mano alipo kuti?

Moni nonse pagulu pano. Ndathedwa nzeru, chonde ndithandizeni.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 9. Dzino lake lakutsogolo, la m'mwamba, linagweluka kalekale koma lina silikumera mpaka lero, pomwe linzake linatuluka ali ndi zaka 7.

Poyamba tinkangodikira, poti agogo ake ankati limera lokha. Kenaka tinapita kuchipatala cha mano kuno ku Lilongwe, anamujambula X-ray wamba. Chithunzi chinaonetsa kadzino kowonjezera kobisala m'fupa, adokotala amati mesiodens, ndipo ndi komwe katsekereza njira. Vuto n'lakuti chithunzicho sichionetsa ngati kadzinoko kali kutsogolo kapena kumbuyo kwa dzino lenilenilo. Ndiye akuti asanachite opaleshoni pakufunika CBCT, yomwe imaonetsa nsagwada mbali zonse. Ine ndagwirizana nazo, fupa la mwana si loboola mongoyerekeza.

Ndafunsa m'zipatala zina zapulayiveti, kumeneko alibe makinawa.

Alipo amene anajambulitsapo CBCT ku Lilongwe kapena ku Blantyre? Munalipira zingati, nanga pamafunika kalata ya dokotala? Akadaulo a mano muli muno, CT wamba (sikani yojambula m'kati mwa thupi) ingathandize pa mwana wamsinkhu umenewu, popeza ndamva kuti cheza chake n'chochulukirapo?

Zikomo.