Ndigulitse nyumba ya ku Area 25 panopa kapena ndidikire?

Mphunzitsi_wopuma:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi nyumba ku Area 25 muno mu Lilongwe, ya zipinda zogona zitatu, ya mpanda wa njerwa, ndipo kuseri kuli kanyumba ka alendi ka zitseko ziwiri. Ndinapuma pa ntchito, tsono mayi akunyumba akuti tibwerere kwathu ku Ntcheu tikamange yaing'ono, ndalama yotsala tigule chigayo. Ndinatchula K85 miliyoni. Odzaona akubwera ndithu. Amayang'ana kudenga, kugogoda matailosi, kutsegula mpopi kuti aone ngati madzi akutuluka, kenako amati "tikuimbirani", basi zii. Madobadoba nawo andisokoneza. Tsiku lina mwana wanga anaipeza nyumba yomweyi pa Facebook ili pa K110 miliyoni, chithunzi cha geti yathu yobiriwira, nambala ya foni ya munthu yemwe sindimudziwa n'komwe.

Pano pali bambo mmodzi amene akuoneka kuti watsimikiza. Akuti K70 miliyoni, koma apereke K30 miliyoni kaye, yotsalayo azipereka pang'onopang'ono mpaka chaka chithe. Ndivomere, kapena ndidikire wina?

NaPhiri_Chilinde:
Bambo, za pang'onopang'onozo ayi. Mwaiwala November 2023? Tinagona ndalama zili bwino, kudzuka kwacha yagwetsedwa ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 peresenti ija ya May 2022. K40 miliyoni yomwe akusungireniyo ikamadzafika, idzagula matumba a simenti angati? Inu mukufuna kukamanga, ndiye musamawerenge makwacha, muziwerenga simenti, malata ndi zitsulo. Pitani ku hadiweya mukafunse mitengo ya lero, muone ngati K30 miliyoniyo ingafikitse nyumba ya ku Ntcheu pa denga. Komanso munthu akangolowa m'nyumba atalipira theka, kumutulutsa ndi nkhani ya kukhoti.

Wa_ku_Kanengo:
Funso langa ndi la mapepala. Muli ndi title deed (chikalata cha boma chotsimikiza umwini wa malo) kapena kalata ya poloti yokha? Ndikufunsa chifukwa banki sipereka ngongole ya nyumba popanda chikalata choti igwire ngati chikole. Ogula kudzera kubanki ndi ochepa kale, poti chiwongoladzanja chinakwera kwambiri kuchokera pomwe Reserve Bank inafikitsa policy rate (chiwongoladzanja chomwe imabwereketsera mabanki ena) pa 26 peresenti mu 2024, ndipo mabanki amaikanso yawo pamwamba. Otsala ndi a ndalama m'manja: amalonda, ndi abale athu a ku Joni kapena ku UK. Amenewa amadziwa kuti ogulitsa ndi ambiri kuposa ogula, n'chifukwa chake amanenerera mopanda chisoni.

Musanatsutsane ndi aliyense za mtengo, itanani valuer (katswiri woona mtengo wa nyumba) wovomerezeka adzaione nyumbayo, akulembereni lipoti. Mulipira inde, koma K85 miliyoniyo mwaitenga kuti? Mwina ndi yochepa, mwina ndi yambiri. Lipiraninso ma city rates (msonkho wa ku khonsolo) ndi ground rent (lendi ya malo) ngati muli ndi ngongole, chifukwa posintha umwini zonsezi zimatulukira, pamodzi ndi tax clearance (kalata yosonyeza kuti za misonkho zili bwino) ya ku MRA. Mgwirizano ulembedwe ndi loya, osati pa pepala la m'kope ndi mboni ziwiri za pamsika. Wina akakunyengererani kuti mutchule mtengo m'madola, dziwani kuti Reserve Bank imaletsa zimenezo pa malonda a m'dziko muno.

Chimwemwe88:
Ine ndiye ndikuti osagulitsa n'komwe adadi. Area 25 anthu ofuna lendi sasowa. Ikani alendi m'nyumba yaikuluyo, lendi muziikweza chaka ndi chaka, ya ku Ntcheu muzimanga pang'onopang'ono ndi penshoni. Chigayo ndi chabwino, koma magetsi akamazimazima, kapena dizilo akasowa, chimangokhala. Nyumba siiwola.

NaPhiri_Chilinde:
Siiwola kwa amene amakhala pafupi nayo. Kukhala landilodi uli ku Ntcheu, alendi ali ku Lilongwe, mudzamva kuti thanki ya chimbudzi yadzadza mwezi utatha kale. Ndipo anthu akuluakuluwa akufuna kupuma, osati kumakwera minibasi kukalondola lendi.

Mphunzitsi_wopuma:
Zikomo nonse. A ku Kanengo mwandigwira pomwepo: ndili ndi kalata ya poloti ndi malisiti, title deed sindinatengebe. Bambo aja ndawauza kuti makiyi ndi mapepala zidzatuluka ndalama yonse ikadzalowa kubanki, ndipo ayankha kuti akaganize. Madobadoba ndawaletsa, ndatsala ndi ejenti mmodzi wa ofesi yodziwika. A Chimwemwe, mayi akunyumba awerenga yankho lanu ndipo akuti mubwere mudzatolere lendiyo nokha. Tsono funso lina: amene munatsatirapo title deed ya poloti ya ku Area 25, munayambira ku khonsolo ya mzinda kapena ku Unduna wa za Malo?