Tcheni cha taimingi pa Sienta: mamaki asemphana nditazungulitsa injini

Akuluakulu a pagulu pano, ndigaireni nzeru. Ndili ndi galimoto ya Toyota Sienta ya injini ya 1NZ yomwe ndimanyamulira anthu kuchoka pa boma ku Mangochi kukwera ku Namwera mpaka ku Chiponde. Tcheni cha taimingi, chomwe chimalumikiza crankshaft (shafti yozungulitsidwa ndi mapisitoni) ndi ma camshaft (mashafti otsegula mavalavu), chimachita phokoso ndikangoliza m'mawa, ndiye ndaika chatsopano pamodzi ndi tenshona (chokungira tcheni) ndi magaidi ake. Pisitoni yoyamba ndinaikweza pamwamba, mfundo zitatu zachikasu za patcheni n'kuzilunjikitsa pa mamaki a masproketi (magiya a mano oyendapo tcheni) awiri a camshaft ndi ya crankshaft. Koma nditazungulitsa injini kawiri ndi sipanala, zachikasu zija zapita kwina, sizikukumananso ndi mamaki. Kodi chadumpha dzino? Kavala yophimba tcheni sindinatseke, galimoto yangokhala pakhomo anzanga akupha makwacha pa siteji.

Woyankha woyamba: Masulani muyambirenso achimwene, mwaphonya penapake.

Makaniko wa ku Monkey Bay: Ayi, musamasule kanthu! Zachikasuzo ntchito yake ndi pomanga basi. Crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft imazungulira kamodzi, koma tcheni chimakhala chisanamalize ulendo wake chifukwa ndi chachitali. Kuti mfundozo zidzakumanenso ndi mamaki mungazungulitse mpaka mkono kuwawa. Inu yang'anani masproketiwo: kodi mamaki awo abwerera pomwe anali musanazungulitse, pisitoni yoyamba ili pamwamba? Ngati abwerera, taimingi ili bwino. Chotsaniponso mapulagi kuti izizungulira mopepuka. Ikalimba penapake musakakamize, mwina pisitoni yagunda mavalavu, ndipo akapindika ndiye kumasula hedi yonse.

Mayi wina wa Probox: Muonenso giya ya VVT-i (yosintha nthawi yotsegukira mavalavu) ya pa camshaft ya kumbali yolowera mpweya ngati yakhoma. Yanga anaimanga isanakhome, chinyali cha check engine sichinazime, ndipo pokwera phiri inkachita ngati yanyamula matumba a simenti.

Wofunsa: Zikomo madala a ku Monkey Bay, mtima wakhala pansi. Ndakaona, mamaki abwerera ndithu ndipo palibe pomwe ikulimba. Nanga kapini kogwira tenshona kuti isakunge tcheni pomanga? Ndinakasolola nditamanga kale magaidi onse.

Makaniko wa ku Monkey Bay: Ndi momwemo. Gwirani tcheni muone ngati chakungika. Potseka, palani silikoni yakale yense, ndipo yatsopanoyo musaithire ngati phala, yotsala imagwera mkati n'kutseka sefa ya oyilo.

Wofunsa: Nanga giya imene akunena mayiwa, ndidziwa bwanji kuti yakhoma popanda kuichotsa?