Ndithandizeni abale, ulendo wokawedza panyanja ya mchere ndi apongozi, dipoziti ndalipira kale

Membala wobisa dzina: Moni nonse m'gulu muno. A admin chonde mundibisire dzina chifukwa alamu anga ali momuno ndipo amawerenga chilichonse. Nkhani yanga ndi iyi, apongozi anga aamuna akubwera kuno ku Joni kudzationa, ndi munthu wamkulu anapuma ntchito ya uphunzitsi, kwawo ndi ku Dedza ndipo chibadwire nyanja ya mchere sanaionepo. Nde ine ndinaganiza zowachitira chinthu choti azikakamba kumudzi, ndinapeza bambo wina ali ndi boti amatenga anthu kukawedza, akuti timanyamuka m'bandakucha tibwerako masana kenako nsomba zomwe tagwirazo tikaotcha kugombe. Ndalipira dipoziti R2,000 ya m'thumba mwanga. Tinagwirizana kuti tisonkherana atatu, ine, bambo a kunyumba ndi achemwali awo, koma mpaka lero alamu angawo zii, foni sayankha koma status amaika daily ali ku mall ndi wigi watsopano, ndipo ndi omwewa chaka chatha anabwereka poto wanga wamkulu nkubweza chivindikiro chitaphwanyika osapepesa nkomwe. Bambo a kunyumba nawo ukawafunsa amangoti tiona, pomwe bambo akubwerawo ndi awo osati anga. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba Lolemba mpaka Loweruka, ndalamayi ndaivutikira. Nde funso langa, kodi pamafunika permit? Nanga tikapanda kugwira kanthu tikadya chani, ndalama amabweza? Moto kugombe amalola? Apongozi ali ndi BP ndi shuga, boti siliwadwalitsa? Komanso nsima tikaphika bwanji pamchenga poti iwo rice olo buledi sayesa chakudya. Osanditukwana chonde, tulo sindikugona.

Achimwene a pa Harbour: Mayi muli tauni iti ndipo ulendowo ndi wa mwezi wanji? Durban ndi Cape Town ndi nyanja ziwiri zosiyana, yankho limadalira pamenepo.

Mwana wa Msodzi KK: R2,000 DIPOZITI YOKHA kuti mukagwire nsomba?? Abale inu. Ine ndinabadwira ku Nkhotakota, bambo anga anali ndi chilimira, ndakwera bwato ndisanayambe sitandade 1. Usiku timapita ndi nyali kukakoka usipa m'mawa mudzi wonse wadya popanda wolipira. Ndalama imeneyo mukanawatumizira madalawo akagule chambo ku Senga Bay adye mwezi wathunthu. Nsomba za m'madzi amchere zilibe kakomedwe, ndanena ndanenanso.

Mai a Mapasa: Asisi nkhani si nsomba apa, nkhani ndi alamu anuwo. Anga anandipanga zomwezi pa ukwati wa mng'ono wawo, ndinagula ma drinks onse ndekha iwo nkumavina kutsogolo ndi chitenje cha yunifolomu chomwe sanalipirenso. Musawakwezemo m'botimo. Amene sanasonkhe atsale kugombe azisonkha moto.

Wa ku Bellville: kkkkk atsale azilondera zikwama

Mtsikana wa ku Durban: Ngati muli kuno ku Durban musaope, madzi ndi ofunda chifukwa ndi Indian Ocean, maboti ambiri amanyamukira ku Wilson's Wharf ndipo pobwera anthu amakaotchera ku Blue Lagoon. Permit ndiyofunika kwa aliyense wogwira ndodo ya mbedza, osati skipper (woyendetsa boti) yekha. Ndipo nsomba ya shad saloleza kugwira kuyambira 1 October mpaka 30 November, akakupezani nayo m'cooler box nthawi imeneyo mulira.

Mwana wa Msodzi KK: Permit yowedzera mbedza imodzi? Nsomba analenga ndi Mulungu. Nchifukwa chake ine dzikoli silindisangalatsa.

Wa ku Bellville: Nanga mukutaniko kuno achimwene, basi zopita ku Lilongwe zimanyamuka ku Park Station sizinasiye

Mwana wa Msodzi KK: Iwe usandiyankhe choncho, ndine mkulu wako. Ukudziwa mwera iwe? Unaonapo mafunde a mu July pakati pa Nkhotakota ndi Likoma? Nyanja yathu kuya kwake kumafika mamita 700 kumpoto uko, sitima ya Vipya inamira mu 1946 ndi anthu oposa 100, nde wina azindiuza ine za nyanja ya mchere ngati kwathu tili ndi chithaphwi.

Mtsikana wa ku Durban: Palibe wanyoza nyanja yanu bambo, mayiwa afunsa za permit.

Membala wobisa dzina: Zikomo Mai a Mapasa mwandimvetsa. Vuto ndi loti ndikawasiya alamuwo apongozi adzafunsa kuti mwana wanga ali kuti, nde woipa ndikhala ine. Ndipo amene akuti ndikanatumiza ndalama kumudzi, timatumiza mwezi ndi mwezi, feteleza wa chaka chino tagula ndife. Bambo wa botiyo anati tikakumane ku Hout Bay kuno ku Cape Town 5 koloko m'mawa, panopa ndikuganiza transport poti galimoto tilibe.

Achimwene a pa Harbour: Eya, Hout Bay ndi komwe ndimagwira ntchito ine, ndimatumbula nsomba komanso nthawi zina ndimakwera nawo maboti. Mvetserani mayi. Nsomba yomwe anthu amadalira kuno ndi snoek ndipo imakonda kuchuluka miyezi yozizira, koma imayenda m'magulu, sabata ino ili ku Hout Bay sabata yamawa yathawira ku St Helena Bay. Miyezi yotentha maboti ambiri amalondola nsomba ya yellowtail cha ku Cape Point. Tuna musayerekeze ndi munthu wamkulu, kumeneko nkutali kwambiri mtunda suoneka ndipo mumakhala pamadzi tsiku lonse. Malire a snoek ndi 10 munthu mmodzi patsiku, yosachepera 60cm, ndipo nsomba ya permit imeneyi sagulitsa, ndi yodya basi. Koma mwezi simunanenebe. November mpaka February mphepo ya South Easter imavuta, ulendo umatha kulephereka m'mawa womwewo.

Mwana wa Msodzi KK: South Easter yo ndi mwera womwewo, musatiopseze ndi chizungu. Msodzi weniweni amayang'ana mitambo madzulo nkudziwa, safuna foni.

Dalaivala wa Thiraki: Ine zoterezi ndinapanga ku Vilankulo ku Mozambique ndi anzanga titatsitsa katundu. Kumene kuja nde kuli bwino, mumakwera bwato la thanga lija amati dhow kupita ku chilumba cha Magaruque, anyamata a m'botimo amasonkha makala momwemo nkuphika, mukafika pamchenga chakudya chapsa. Koma pobwerera apolisi apamsewu anandigwira nkhani ya triangle ndi reflector, ndinataya ndalama yonse ya allowance, mpaka lero ndikaiganiza mtima umawawa.

Wa ku Bellville: Nde mayiwa atenge apongozi apite ku Vilankulo? Dipoziti ili ku Hout Bay achimwene kkkk

Mkulu wa Mpingo: Mlongo, ndingokumbutsa kuti si zonse za m'nyanja zomwe ndi chakudya. Levitiko 11 akunena za zipsepse ndi mamba. Akakupatsani nkhanu kapena zija zonga nkhanu zikuluzikulu amati kreef mukane. Komanso ulendowu usakhale pa Sabata.

Mai a Mapasa: Abusa mayiwa sananene mpingo wawo

Achimwene a pa Harbour: Kreef yo olo atafuna ili ndi permit yakeyake ndipo masiku ake ololedwa ndi ochepa pachaka. Nkhono ya m'nyanja ija amati perlemoen nde musaikhudze nkomwe olo wina akugulitseni motchipa pa harbour, imeneyo ndi ya kundende.

Nesi wa ku Parow: Ine ndiyankhe za BP ndi shuga poti ena mwatanganidwa ndi mwera. Munthu wa shuga akayamba kusanza m'boti osadya kanthu koma mankhwala wamwa, shuga amatha kutsika moopsa ndipo muli pakati pa madzi. Asananyamuke apite nawo ku pharmacy kapena ku clinic ndi mankhwala onse omwe amamwa, afunse ngati mapilisi oletsa nseru akugwirizana nawo. Mapilisiwo amamwa asanakwere, nseru ikayamba sathandizanso. Adye kachakudya kopepuka, mutenge madzi ndi maswiti m'thumba. Ndipo mbali ya Hout Bay madzi ndi ozizira kwambiri olo kunja kukutentha, jekete yokhuthala ndi chipewa musasiye.

Mwana wa Msodzi KK: Mapilisi a chani? Ife timangotafuna chinangwa chachiwisi nkuyang'ana kutsogolo basi. Anthu a ku Dedza amaopa madzi ndi kale, madalawo angowasiya kumtunda aziona ma seal.

Nesi wa ku Parow: Bambo inu moyo wa munthu si wochitira makani. Chinangwa chanucho mudye nokha.

Mnyamata wa Uber: Ine ndinalipirapo munthu wa pa Facebook dipoziti ya boti pa birthday ya madam, tsiku litafika nambala yazima, tinaima pa harbour ndi cooler box mpaka 9 koloko. Mayi munamuona maso ndi maso bambo ameneyo? Boti munaliona? Pitani Sunday mukalione, mufunse satifiketi ya skipper ndi ya boti ya SAMSA (bungwe loona za chitetezo cha panyanja) komanso ma life jacket okwana aliyense. Transport ya 5 koloko ndilipo, inbox.

Wa ku Bellville: Malonda ayambika kkkk

Mai a Mapasa: Koma inu nkhani ya "tiona" ija mwaisiya dala? Mwamuna amene amati tiona pa nkhani ya bambo ake omubereka ndalama zake zikupita kwina. Asisi fufuzani foni.

Admin: Mai a Mapasa tisaphwasule mabanja a eni, tiyankhe zomwe zafunsidwa.

Achemwali a ku Wynberg: Za moto palibe wayankha. Ku Cape Town simungangosonkha moto pamchenga paliponse, a law enforcement amalipiritsa, ndipo mowa kugombe ndi woletsedwa amalanda. Pali malo ake okhala ndi ma braai omangidwa kale, monga Oudekraal ndi Maiden's Cove mbali ya Camps Bay, kuchokera ku Hout Bay si patali. Ku Oudekraal polowa mumalipira ndipo weekend kumadzaza msanga. Kuli enanso ku Buffels Bay mkati mwa Cape Point koma kumeneko anyani amalanda chakudya m'manja, ndipo pageti tengani pasipoti chifukwa a m'maiko a SADC mtengo wake ndi wotsikirapo kusiyana ndi alendo akutali. Nthawi yotentha kukakhala chiopsezo cha moto wa m'phiri amatha kuletsa kuotcha tsiku limenelo. Mufunseni skipper wanuyo kuti kugombe akunenako ndi kuti kwenikweni, ndipo makala ndi waya wootchera abweretsa ndani.

Mwana wa Msodzi KK: Kulipira polowa, kulipira permit, kulipira boti, moto nawo mpaka kupempha. Kwathu ukatsika m'bwato umatola nkhuni pompo, kampango pamoto, mchere ndi tsabola wa kambuzi, nkhani yatha.

Achimwene a pa Harbour: Kaotchedwe ka snoek nkosavuta. Ikangokwera m'boti amaithyola khosi, ndipo apongozi asayandikize zala kukamwa kwake, mano ake ndi akuthwa ndipo bala lake magazi sasiya msanga. Isakhale padzuwa, ipite pa ice. Mukafika aing'ambe chamsana itambasuke, muthire mchere, iume pang'ono ndi mphepo. Muyang'ane mnofu, ina imakhala yofewa yophwanyika ija amati pap snoek, imeneyo siotcheka. Makala asakhale aukali, mbali ya khungu pansi nthawi yaitali, kenako kutembenuza pang'ono, mphindi 15 kapena 20 yapsa. Anthu akuno amapaka batala wosakaniza ndi adyo, mandimu ndi jamu wa apricot, nkudyera mbatata. Minga zake ndi zazitali zosavuta kuchotsa.

Mwana wa Msodzi KK: JAMU?? Pa nsomba?? Abale dziko latha. Munthu wamkulu wochokera ku Dedza mukamupatse nsomba ya jamu akakanena chani kumudzi? Ndipo ali ndi shuga, a nesi apa simuyankhula?

Nesi wa ku Parow: Apa pokha mwanena zoona, gawo lawo asapake jamu.

Mwana wa Msodzi KK: Mwaona. Ndimayankhula zomwe ndikudziwa ine.

Achemwali a ku Wynberg: Nsima musakavutike nayo kumeneko, mphepo imazimitsa gas stove ndipo mchenga umalowa m'poto. Wina atsale kunyumba aphike cha m'ma 11, aike mu food warmer akulunge ndi thaulo abwere nayo. Ndi tomato ndi anyezi wokazinga kale.

Mai a Mapasa: Wotsala kuphikayo akhale mlamu uja

Mtsikana wa ku Durban: Permit kale timagula ku Post Office, pano ambiri anatseka koma imapezekanso pa intaneti ku dipatimenti yoona za usodzi. Maboti ena amakonzeratu okha, mufunse ngati ili mu mtengo womwe anakuuzaniwo.

Wa ku Bellville: Mukapanda kugwira musadandaule, pa harbour pomwepo amagulitsa snoek, mugule ziwiri mujambulitse apongozi atanyamula, kumudzi adziwa ndani kkkk

Achimwene a pa Harbour: Akuseka koma ndi zomwe anthu amachita, tengani ndalama yapadera. Kusagwira nsomba sabweza ndalama, mwalipira ulendo ndi mafuta. Chofunika kumvana ndi nyengo, boti likalephera kutuluka chifukwa cha mphepo akupatsani tsiku lina kapena abweza? Akulembereni pa WhatsApp musunge. Tsiku lina lingakhale lovuta ngati apongozi akhala masabata ochepa, nchifukwa ndikufunsa deti.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse makamaka a nesi ndi achimwene a pa harbour, Sunday ndipita ndikalione botilo. Koma abale zavuta, wina wajambula post ino nkuwatumizira alamu anga, andiimbira kundinena kuti ndawayalutsa pagulu pomwe dzina sindinatchule, akuti poto uja anali wothetheka kale. Bambo a kunyumba nawo akwiya. Amene mwachita zimenezi Mulungu akuoneni.

Mai a Mapasa: Foni yayamba kugwira tsopano? Auzeni atumize ndalamayo kaye kenako muzikambirana za poto.

Achimwene a pa Harbour: Pepani mayi. Sunday mukafika funsani anyamata a ku Malawi otumbula nsomba, tilipo angapo tikuonetsani botilo ngati lilipodi. Koma apongozi akufika liti?

Mwana wa Msodzi KK: Ndipo akamabwera madalawo muwauze anyamule usipa wouma ndi utaka, ine ndigula ndowa yonse. Basi yake ikafika mundiuze ndikawachingamire ndekha.