Injini yangopangidwa overhaul koma ikunjenjemera ndi kuzima ikatentha

Mwini Corolla:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Galimoto ndi Toyota Corolla ya 2003, injini 1NZ-FE. Zomwe zachitika pa overhaul: maring'i atsopano, mabeyaring'i, gasiketi ya hedi, tcheni cha timing, hedi anaisikima, mavalavu anawagaya. Ikazizira imalira bwinobwino, singano ya RPM imakhala cha pa 1,200. Ikangotentha n'kutsika kufika cha pa 700 imayamba kunjenjemera mpaka chiwongolero kugwedezeka, ndipo ndikaponda buleki kuti ndiime imazima. Pa liwiro vuto silimveka kwenikweni. Mapulagi ndi atsopano, throttle body yatsukidwa. Kompyuta ikuonetsa P0300 yokha, khodi yosonyeza misfire (masilinda kuphonya kuyaka) popanda kutchula silinda yake. Makaniko akuti tigule makoyilo onse anayi. Ndigule?

Sipanala 14:
Achimwene, makoyilo dikirani kaye. Ngati galimoto inkayenda nawo bwino musanaphwasule injini, n'zokayikitsa kuti afera pa tebulo. Injini yomwe yangomangidwa kumene, yambani kukayikira zimene manja agwira.

Choyamba ndi mpweya wolowera pambali. 1NZ imayeza mpweya wolowa ndi sensa yotchedwa MAF, ndiye uliwonse wolowa kuseri kwa sensa imeneyi kompyuta siuwerengera, petulo amachepa. Pa idling mpweya umakhala wochepa kale, n'chifukwa chake kabowo kakang'ono kamasokoneza kwambiri pamenepo kusiyana ndi pa liwiro. Onani gasiketi ya intake manifold, paipi ya PCV (yobweza mpweya wamkati mwa injini ku intake), paipi yopita ku booster ya mabuleki, ndi chipaipi cha rabala chochokera ku air cleaner, makamaka m'makwinya ake apansi. Mwati imazima mukaponda buleki, ndiye chotsani paipi ya booster, mutseke mbali ya injini, muone ngati idling isinthe. Galimoto ikhale itaima poyesa izi, musayende nayo chonchi.

Pa kompyutapo werengani fuel trim, kutanthauza petulo amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa; STFT (ya nthawi yochepa) ndi LTFT (ya nthawi yaitali) muziphatikize. Zikapitirira +10% pa idling koma n'kutsika mukakweza injini kufika 2,500, ndiye kuti mpweya ukuba. Zikamakwera pamodzi ndi injini, yezani pampu ya petulo, iyenera kupereka 44 mpaka 50 psi.

Amalume wa Mainjini:
Zimene anenazo n'zoona, koma ine ndingayambire pa timing. Tcheni chatsopano chili ndi maulalo opakidwa mtundu, awiri a magiya a camshaft ndi umodzi wa crankshaft. Kuphonya dzino limodzi injini imalirabe, koma idling imaipa ndipo mphamvu zimachepa. Maulalowo amangothandiza pomanga, injini ikazungulira sabwerera pa zizindikiro msanga, ndiye musawadalire tsopano. Vundukulani valve cover, ikani pisitoni yoyamba pa TDC (pamwamba penipeni), chizindikiro cha pule chikhale pa 0, muone zizindikiro za magiya onse awiri.

China ndi VVT-i, dongosolo losintha timing ya camshaft ya intake pogwiritsa ntchito oyilo. Mu hedi muli kasefa kakang'ono ka oil control valve komwe ambiri amaiwala kutsuka. Nyenyeswa za overhaul kapena zidutswa za silikoni zikalowa, valavuyo imatha kukakamira potseguka, camshaft ya intake n'kukhala patsogolo nthawi ya idling, injini n'kumazima. Ichotseni valavuyo, onani ngati kamtengo ka mkati kali kobwerera, ipatseni moto wa batire kwa kamphindi muone ngati kakusuntha. Pa mita iyenera kuwerenga 6.9 mpaka 7.9 ohms ikakhala yozizira.

Mawaya a earth omwe amamangidwa pa injini nawonso muwagwedeze ndi dzanja. Bawuti imodzi yosamanga imatha kubweretsa misfire yosalondoleka.

Mayi Makaniko:
Bambo, funsani amene anamanga hediyo funso limodzi: atagaya mavalavu anayeza valve clearance, mpata wa pakati pa camshaft ndi kapu ya valavu? 1NZ ya chaka chimenecho ilibe ma lifter a oyilo odzisintha okha. Ili ndi timakapu tachitsulo pamwamba pa valavu iliyonse, ndipo kukhuthala kwa kapu ndi kumene kumapereka mpata. Mukagaya valavu ndi mpando wake, valavu imalowa mkati pang'ono, mchira wake umakwera, mpata umachepa. Komanso makapu 16 aja akangoponyedwa m'beseni limodzi potsuka, amabwerera m'malo olakwika.

Mpata ukatha valavu sikhala bwino pampando. Injini ikamathamanga nthawi yoti mpweya uthawe imakhala yochepa, ndiye simumva kanthu. Ikatsika pa 700 silinda imeneyo imataya compression. Zikugwirizana ndi zimene mwafotokozazi.

Musanavundukule kanthu yezani compression injini ili yotentha: mapulagi onse anayi kunja, mainjekita ozimitsa, throttle yotsegula yonse, batire lamphamvu. Maring'i atsopano amene sanakhazikike amatsitsa manambala pang'ono, koma amatsitsa onse mofanana. Chimene tikufuna ndi kusiyana, kusapitirire 10%.

Mwini Corolla:
Zikomo nonse. Tayeza. Fuel trim ili +4% pa idling, +3% pa 2,500. Kutseka paipi ya booster sikunasinthe kanthu. Vacuum gauge ikusewera pakati pa 14 ndi 17, singano ikugwa mobwerezabwereza. Compression: yoyamba 190, yachiwiri 148, yachitatu 187, yachinayi 135 psi. Tathira oyilo pang'ono mu 2 ndi 4, manambala sanasunthe. Zizindikiro za timing zili pamalo pake. Za clearance makaniko akuti sanayeze.

Sipanala 14:
Ndiye za mpweya zija zichoke, fuel trim yanu ili bwino. Timing ikaphonya singano ya vacuum imatsika koma imakhazikika, ndipo masilinda onse amatsika limodzi. Kugwa mobwerezabwereza kumeneko ndi valavu. Oyilo akanakweza manambala tikanati maring'i. Gasiketi ya hedi ikaphulika pakati imagwetsa masilinda oyandikana, 2 ndi 4 sali pafupi. Mayi aja alasa.

Mayi Makaniko:
Isiyeni igone usiku wonse, clearance imayezedwa injini itazizira. Intake ikhale 0.15 mpaka 0.25 mm, exhaust 0.25 mpaka 0.35 mm. Ya exhaust amaipatsa mpata waukulu chifukwa ndi imene imatentha kwambiri n'kutalika. Lowetsani feeler gauge (timasamba tachitsulo toyezera mpata) pakati pa kapu ndi camshaft pamene mphuno ya cam yaloza kumwamba, mulembe manambala onse 16 papepala mwandondomeko. Musangoyeza 2 ndi 4, ngati makapu anasakanikirana ndiye kwinanso kuli mpata wopitirira.

Mwini Corolla:
Mayi, tapeza. Exhaust imodzi ya silinda 2 ili 0.06. Pa silinda 4 imodzi ili 0.12, inayo ngakhale 0.04 sikulowa. Pa silinda 1 exhaust imodzi ili 0.44, ndiye kaphokoso kogogoda kamene tinkamva kaja. Zotsalazo zili m'malire.

Mayi Makaniko:
0.44 imeneyo ikuonetsa kuti makapu anasinthana malo. Ma camshaft achoke. Musanamasule, mangirirani tcheni ndi waya kuti chisagwere pansi, ndipo mabawuti a ma cap ogwira camshaft mumasule pang'onopang'ono mosinthanasinthana, kuti camshaft isapindike. Kapu iliyonse yezani ndi micrometer pakati pake, nambala yolembedwa mkati musaikhulupirire ngati kapuyo yayenda nthawi yaitali.

Masamu ake a exhaust ndi awa: kapu yatsopano = kapu yakale + mpata mwayeza − 0.30. Ngati ya silinda 2 ili 5.400, ndiye 5.400 + 0.06 − 0.30 = 5.160. Ku intake mumachotsa 0.20. Makapu amasiyana ndi 0.02 mm, tengani yoyandikira. Yesani kaye kusinthanitsa imene muli nayo, mwina ya silinda 1 ikwana kwina, mugule yokhayo yosowa.

Pa valavu imene feeler sikulowa masamuwa sagwira, chifukwa simukudziwa kuti yapanikizika motani. Ikani kapu yopyapyala kwambiri imene muli nayo, mangani camshaft, yezani, kenako muwerengere kuchokera pamenepo. Ena amapala mchira wa valavu kapena kapu pa giraindala. Osalola, mumachotsa chitsulo cholimba cha pamwamba ndipo mpatawo sukhalitsa.

Amalume wa Mainjini:
Galimoto isayende mpaka zimenezi zitheke. Valavu ya exhaust imazizira pokhudza mpando wake, ikamalendewera imapsa m'mphepete, ndipo petulo wosapsa akuwononga catalytic converter. Mukamanga, zungulitsani injini ndi dzanja kawiri, onaninso zizindikiro za timing ndi mipata, kenako bwerezani compression. Silinda 4 ikapanda kukwera, lowetsani mpweya wa kompresa pa bowo la pulagi pisitoni ili pa TDC ya compression, mumvetsere ku paipi ya utsi. Kukamveka kufuula mpweya kumeneko, valavu yapsa kale ndipo hedi iyenera kutsikanso. Ikakwera, fufutani P0300, muisiye injini itenthe mpaka fani izungulire AC ndi magetsi zili zozimitsa, kuti kompyuta iphunzirenso idling.