Thandizeni, nthambi za bougainvillea sizikugwira

Muli bwanji nonse okonda maluwa? Ine ndili ku Kapata kuno ku Chipata, ndavutika ndi bougainvillea uja wofiirira woyanga pampanda. Aneba anga ali naye wokongola zedi ndipo amandilola kudula nthambi, koma chilichonse ndabzala chikufa.

Poyamba ndinaviika m'botolo la madzi, kunsi kunangoda n'kuwola. Kenako ndinadula zokhwimirako, zonenepa ngati pensulo, zotalika masentimita 20, ndinathothola masamba a m'munsi n'kuzika m'timatumba ta pulasitiki, dothi lake lofiira la pakhomo losakaniza ndi manyowa a ng'ombe, n'kuika pamthunzi wa mango. Zimaphukira timasamba bwinobwino mtima n'kukhala pansi, kenako timafota, ukazula palibe muzu olo umodzi, khungwa likungosendeka lokha, zimandiwawa kwambiri.

Kodi vuto ndi dothi losunga madzi, ndiike mchenga wa kumtsinje? Nanga ndi kutentha kwa Okutobala kuno, ndidikire mvula kapena ndivundikire pulasitiki? Ufa uja wothandiza mizu umapezeka m'mashopu a zaulimi m'tauni muno? Amene munayesapo kumangirira dothi panthambi isanadulidwe, chonde ndiuzeniko mmene munachitira.