Pulogalamu ikumafa pa seva koma log ili zii, ndifufuze pati?

Chibavi_dev analemba:

Akuluakulu, ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo sabata ino. Ndimasamalira system ya sukulu ina ya pulaiveti kuno ku Mzuzu. Makolo amalowamo kuona fizi yomwe yatsala, aphunzitsi amalowetsamo malikisi, ndipo teremu ikamatha imatulutsa malipoti a ana mu PDF. Inalembedwa ndi Node.js ndi Express, database ndi MySQL, kutsogolo kuli nginx, ndipo zonsezi zapanikizana pa VPS (seva ya lendi) imodzi ya Ubuntu ya RAM 1GB. Process, kutanthauza pulogalamuyo ikamayenda, imayang'aniridwa ndi PM2, yomwe imaidzutsa ikagwa. Ma PDF aja amapangidwa ndi Puppeteer, chida chomwe chimayendetsa browser kuchokera mu code.

Teremu yonse yayenda popanda chovuta. Koma aphunzitsi atangoyamba kutulutsa malipoti, anthu ayamba kuona 502 Bad Gateway, uthenga wa nginx wakuti Node sikuyankha. A bursar amandiimbira foni makolo ali pamzere pawindo lawo, risiti yakanika kutuluka, ena achokera ku Ekwendeni ndi thiransipoti yobwereka. Ndikamatsegula laputopu ndimapeza chinthu chadzuka kale, PM2 yachidzutsa, koma nambala ya ma restart pa pm2 list ikungokwerakwera.

Chondizunguza mutu n'chakuti mu error log ya PM2 mulibe kanthu. Palibe stack trace, mizere ija yosonyeza pomwe code yagwera, palibe ngakhale mzere umodzi wodandaula. Out log imafika pamene yayamba lipoti la mwana wa Fomu 3, kenako mzere wotsatira ndi wakuti seva yayambanso kumvetsera pa port 3000. Pakati pa mizere iwiriyi palibe chilichonse. Ndili ndi handler ya uncaughtException, ndilinso ndi ya unhandledRejection, zonse zimalemba ku fayilo, koma palibe chomwe zagwira.

Wina anandiuza kuti ndingokweza RAM. Seva timalipira mu madola, ndipo chitsikireni kwacha mu November 2023 eni sukulu amawerenga tambala iliyonse. Sindingapite kwa iwo ndi mawu akuti "mwina". Ndikufuna ndidziwe chomwe chikupha process yanga, ndichione ndi maso. Ndiyambire pati?

MlondaWaSeva anayankha:

Achimwene, kusowa kwa mawu mu log kumeneko ndiye umboni wanu woyamba. Pulogalamu ikafa ndi vuto la mkati mwa code imapeza mpata wolira. Node imasindikiza stack trace n'kutuluka ndi code 1, ndipo kuyambira Node 15 ngakhale promise yokanidwa popanda woigwira imagwetsa process momwemo, mawu atatsala. Heap ya V8 ikadzaza imalembanso FATAL ERROR yonena kuti JavaScript heap out of memory isanagwe. Yanuyo ikufa osanena kanthu, ndiye ine ndikukayikira kuti ikuphedwa kuchokera kunja ndi SIGKILL. Signal imeneyi, yomwe ndi nambala 9, palibe handler yomwe ingaigwire. Zili ngati munthu wotsamwitsidwa pakhosi, sangakuwe. Mukhoza kuika ma try/catch ochuluka bwanji, simudzaona kanthu.

Wakupha wodziwika pa seva yaing'ono ngati yanu ndi kernel ya Linux yeniyeniyo, mtima wa operating system. Memory ikatha, OOM killer (Out of Memory), yemwe ndi gawo la kernel, amasankha process imodzi, kawirikawiri yomwe yadya kwambiri, n'kuichotsa kuti makina onse asaume. Iyeyu salemba mu log ya pulogalamu yanu, amalemba mu log ya kernel. Ndiye lowani ndi ssh mulembe izi:

sudo journalctl -k | grep -i "killed process"

kapena sudo dmesg -T mufufuze mawu akuti Out of memory. Mukapeza mzere wonena kuti Killed process, pali nambala ya PID, dzina la process m'mabulaketi, ndi anon-rss yomwe ikusonyeza memory yomwe inali m'manja mwake nthawi yomwe imaphedwa. Musathamangire kutseka. Pamwamba pa mzere umenewo kernel imasindikiza ndandanda ya ma process onse omwe analipo nthawi imeneyo ndi memory ya aliyense, ndiye muchotse grep ija muwerenge ndandandayo modekha. Nthawi zambiri wophedwa ndi wina, wodzaza memory ndi wina.

Chachiwiri, PM2 ili ndi log yakeyake yosiyana ndi ya pulogalamu yanu, ili pa ~/.pm2/pm2.log. Anthu ambiri amangoyang'ana mufoda ya logs n'kuiwala iyi. M'menemo mumalembedwa kuti app yatuluka ndi code yanji, kudzera pa signal yanji. Mukaona SIGKILL, yerekezani nthawi yake ndi ya kernel ija. Kwa amene amagwiritsa ntchito Docker, chinthu chomwechi chimaoneka ngati exit code 137, kutanthauza 128 kuphatikiza 9. 139 ndi segfault, kugwa chifukwa chokhudza memory yosayenera, 143 ndi SIGTERM, ndiye kuti wina anaipempha mwaulemu kuti itseke.

Mwatchula Puppeteer pa 1GB, MySQL ilinso pomwepo. Puppeteer imatsegula Chromium yathunthu. Lembaninso free -h mutiuze ngati pali swap, malo a pa disk omwe amathandizira RAM ikadzaza, komanso ps aux | grep -i chrom mutiuze mwapeza angati.

NaBanda_Katoto anayankha:

Zomwe anena a Mlonda ndikugwirizana nazo, koma musaimbe mlandu memory musanaone disk. Ine ku ofesi kwathu zinandichitikirapo zofanana, log ili zii, koma chifukwa chake chinali chakuti disk inadzaza ndi ma log omwewo, pulogalamu inalibenso polemba. PM2 payokha sidula ma log ake, amangokula mpaka mutaika pm2-logrotate kapena logrotate ya Ubuntu. df -h ikuuzani pompopompo. Inuyo mukupanganso ma PDF, onani ngati sakuunjikana mu /tmp.

China chomwe chimasokoneza anthu ndi nthawi. Ma VPS ambiri akunja amabwera ali pa nthawi ya UTC, ife kuno tili patsogolo ndi maola awiri. A bursar akati chinagwa 10 koloko m'mawa, inu mu log mufufuze cha m'ma 8. Lembani timedatectl muone seva yanu ili pa nthawi yanji, apo ayi mudzawerenga mizere ya nthawi yolakwika n'kunena kuti mulibe kanthu.

Mutsegulenso /var/log/nginx/error.log. Nginx ndi mboni yomwe imatsala yamoyo Node ikafa. Mukaona upstream prematurely closed connection, request yomwe yalembedwa pa mzere umenewo ndi yomwe inali mkati nthawi yomwe process imagwa, ndipo URL yake ili pomwepo. Mizere ya Connection refused yotsatira ndi ya anthu omwe anafika PM2 isanaidzutse. Wofunika ndi woyambayo.

Chibavi_dev anayankha:

Zikomo kwambiri a Mlonda ndi achemwali a ku Katoto, ndapeza. Disk ili bwino, sinafike ndi theka lomwe. Seva ilidi pa UTC. Nditabweza maola awiri aja, zonse zagwera pamodzi: pm2.log ikuti SIGKILL, kernel ikuti Out of memory: Killed process, dzina lake node, sekondi yomweyo, ndipo nginx ikusonyeza kuti request yomaliza inali ya kutulutsa malipoti a kalasi yonse. Swap palibe, ili pa 0B. Pena pake mu log ya kernel ndaonanso mysqld, process ya MySQL, ataphedwa, ndipo apa mtima wanga unagunda, chifukwa m'menemo ndi momwe muli ndalama za makolo.

Ndandanda ya kernel ija ndi yomwe yanditsegula maso. Node siyinali yaikulu kwenikweni. Pansi pake panali chrome, chrome, chrome, mzere wautali, aliyense atagwira kagawo kake. Ndayang'ana ndi ps tsopano lino, palibe amene akutulutsa lipoti, koma ma chrome akadalipo, ena anayamba dzulo. Mu code, request iliyonse imatsegula browser yake, ndipo browser.close() ili kumapeto kwenikweni. Tsamba likachedwa n'kuchita timeout, chifukwa limakoka chizindikiro cha sukulu ndi zithunzi za ana, code sifika pa mzere umenewo. Aphunzitsi nawonso akaona kuti zikuchedwa amadinanso batani kawiri katatu.

Funso langa tsopano: ndipite kwa eni sukulu ndi pempho la RAM, kapena izi zikonzeka pomwepa? Mawa ndi tsiku lomaliza la malipoti a Fomu 1 ndi 2.

MlondaWaSeva anayankha:

Musapite kaye. Ndi code imeneyo, 2GB ingangochedwetsa imfa, idzadzazanso. Onaninso chomwe chimachitika Node ikaphedwa ndi SIGKILL: Puppeteer imatha kutseka Chromium ikalandira SIGTERM kapena SIGINT, koma pa SIGKILL ilibe mpata, ndiye ma chrome aja amatsala amasiye. PM2 imadzutsa Node yatsopano pa seva yomwe memory yake ikadali m'manja mwa akalewo. N'chifukwa chake ikagwa kamodzi imagwanso msanga.

Usiku uno chitani izi. Chotsani amasiyewo ndi pkill, aphunzitsi atagona. Browser.close() ilowe mu finally kuti itseke ngakhale pachitike chotani. Koma chabwino koposa ndi kutsegula browser imodzi yokha, lipoti lililonse lizitsegula page yake n'kuitseka, ndipo malipotiwo aziyenda pamzere, limodzi kapena awiri nthawi imodzi. Batani lija lizizima likadinidwa, liziuza mphunzitsi kuti adikire. Chizindikiro cha sukulu chiwerengedwe pa disk, chisamakokedwe pa intaneti. Kenako pangani swap file ya 1GB kapena 2GB ndi fallocate, mkswap ndi swapon, muilembenso mu /etc/fstab kuti isasowe seva ikayambiranso. Swap imachedwetsa zinthu, koma bola kuchedwa kusiyana ndi MySQL kuphedwa ili mkati molemba malipiro a munthu. Popeza inaphedwapo kale, tsegulani /var/log/mysql/error.log muone kuti InnoDB, injini yosunga ma table a MySQL, inamaliza recovery bwino, ndipo mutenge backup ya database ndi mysqldump musanakhudze kalikonse.

Max_memory_restart ya PM2 musaidalire pankhaniyi. Imayang'ana memory ya Node, pomwe akudya ndi ana ake, ma chrome aja.

NaBanda_Katoto anayankha:

Ndiwonjezepo za mawa, mawa likadutsa. Log yanu izilemba zokwanira kuti tsiku lina musadzasowenso poyambira. Request iliyonse ikhale ndi ID yake, mzere umodzi poyamba, wina pomaliza, nthawi ili pomwepo. PM2 imaika nthawi pa mzere uliwonse mukaiyambitsa ndi --time. Ntchito yomwe ili ndi poyambira koma ilibe pothera ndi yomwe inafera m'njira. Pa ntchito yolemera ngati ya PDF, lembaninso process.memoryUsage().rss ndi os.freemem() musanayambe komanso mutamaliza, mudzaona memory ikutsika masiku angapo isanafike pothera. Onaninso ngati /var/log/journal ilipo, chifukwa popanda foda imeneyo journald imasunga mu memory basi, seva ikayambiranso umboni wonse wapita.

Koma chonde achimwene, mayina a ana, malikisi awo ndi manambala a foni a makolo zisalowe mu log. Lembani ID ya mwana basi. Ma log timawakopera pa WhatsApp pofunsa thandizo, timawaika pano, ndipo dziko lino lili ndi lamulo loteteza data kuyambira 2024. Pa ndandanda ya kernel ija palibe dzina la mwana, ijambuleni mukawaonetse eni sukulu. Mukakonza code n'kuona kuti swap ikudzazabe nthawi ya malipoti, pamenepo mudzapemphe RAM muli ndi manambala m'manja.