Mwana wanga anamwa panado wambiri, pano akuti mafuta a m'magazi sali bwino. Ndimudyetse chiyani?

Membala wobisa dzina:
Adimini ndibiseni dzina chonde. Abale, makamaka a zachipatala amene muli pa gulu lino, ndipatseniko nzeru. Kodi mwana akamwa panado wopyola muyeso, zimatheka kuti mafuta a m'magazi asokonekere? Nanga akasokonekera amabwereranso m'chimake, kapena ndi matenda oti akula nawo?

Ndimakhala ku Chiputula konkuno ku Mzuzu. Mwanayo ndi wamwamuna, wazaka 4, pa sikelo amakwana makilogalamu 14. Mwezi watha kutazizira kwambiri kuja anadwala chimfine ndi kutentha thupi, ndiye tinamugulira panado wamadzi wa ana, botolo la 100 ml. Anangolandirako kamodzi, kenaka analifikira yekha botololo n'kumwa pafupifupi lonse, poti ndi wotsekemera. Tinathamanga naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale mwiniwake ankangosewera ngati palibe chachitika. Anamugoneka, anamuika diripi ya mankhwala oteteza chiwindi, ndipo anamutenga magazi kangapo. Pano tili kunyumba, akudya, akuthamanga ndi anzake.

Chikundisowetsa tulo ndi mapepala awiri. Loyamba ndi la nthawi imene anali pa diripi, likuonetsa mafuta a m'magazi otchedwa cholesterol ndi HDL (imene amati cholesterol yabwino) otsika kwambiri. Lachiwiri tinakayezetsa tokha ku labu yolipira titangotuluka, chifukwa bambo ake mtima sunali m'malo. Bambo awo, agogo ake a mwanayu, anamwalira ndi nthenda ya mtima asanakwane n'komwe zaka 55. Pepala lachiwirili likuti cholesterol yakwerako, koma mafuta ena otchedwa triglycerides apyola muyeso.

Apongozi alamula kuti mwana asiye mazira, nsinjiro, mapeyala ndi ndiwo zokazinga. Mayi wina wa kutchalitchi akuti ndimumwetse madzi a chammwamba ndi aloe vera atsuke chiwindi. Mwanayo ndi wochepa kale thupi, ndiye ndikamumana zonsezi atsala ndi chiyani? Tsiku limene anatiuza kuti tikabwerenso kuchipatala lidakali patsogolo, ndipo sindikufuna kumulakwira pa masiku otsalawa.

Mayi wa ku Luwinga:
Pepani kwambiri amayi anzanga. Tithokoze Mulungu kuti munathamanga naye. Ine za mafutazo sindizidziwa, ndakhala pano kuti ndimve nawo, chifukwa kwanganso botolo lotereli limangokhala pamwamba pa kabati.

Bambo wa ku Zolozolo:
Chammwambacho ndi chabwino amayi, ife timamwa. Mumumwetse kapu m'mawa ndi madzulo.

Wa zachipatala, Katoto:
Abambo a ku Zolozolo, pepani koma apa ayi. Chammwamba chophikidwa ngati ndiwo sindikuchitsutsa, koma madzi owiritsa kapena aloe vera osadziwika mlingo, kwa mwana amene chiwindi chake changochoka kumene pa nkhondo, musatero. Chilichonse chomwedwa chimadutsa m'chiwindi momwemo.

Amayi, choyamba munachita bwino kusadikira zizindikiro. Panado, amene dzina lake lenileni ndi paracetamol, amapusitsa anthu chifukwa tsiku loyamba mwana angathe kuoneka bwinobwino kapena kungosanza pang'ono. Kupweteka kwa m'mimba kudzanja lamanja pansi pa nthiti kumabwera tsiku lachiwiri kapena lachitatu, maso achikasu pambuyo pake, chiwindi chitavulala kale. Ngati panado wanuyo ndi wa 120 mg pa 5 ml, m'botolo lonse muli 2,400 mg. Mukagawa ndi makilogalamu 14 zikubwera pafupifupi 170 mg pa kilogalamu, pomwe madokotala amayamba kuda nkhawa ikapyola 150. N'chifukwa chake anamuika diripi.

Chimachitika n'chakuti chiwindi chikamagaya panado, kagawo kochepa kamasanduka poizoni wotchedwa NAPQI. Pa mlingo woyenera chiwindi chimamuthetsa mphamvu ndi chinthu chotchedwa glutathione. Panado akachuluka glutathione amatha, poizoni uja n'kuyamba kuwononga chiwindi chenichenicho. Diripi ija mwina inali ya N-acetylcysteine, imene imathandiza thupi kupanganso glutathione, ndipo imagwira ntchito bwino kwambiri ikayambidwa maola 8 asanathe.

Tsopano funso lanu. Inde, mafuta a m'magazi amatha kusintha. Anthu ambiri amaganiza kuti cholesterol yonse imachokera m'mbale, koma yochuluka thupi limapanga lokha, ndipo chiwindi ndiye mwini ntchito. Chimapanganso timapuloteni tonyamula mafutawo m'magazi. Chikavulala, cholesterol ndi HDL kawirikawiri zimatsika. Ngakhale kudwala chabe, monga kutentha thupi kumene anali nako, kumatsitsa HDL n'kukweza triglycerides kwa kanthawi. Choncho magazi otengedwa mwana ali m'kati mwa matenda satiuza za mafuta ake enieni. Chiwindi chimadzikonza chokha, ndipo ana aang'ono amene athandizidwa msanga ambiri amachira osatsala ndi vuto.

Pa mapepala anuwo ine ndikanayang'ana kaye ALT, AST ndi INR, chifukwa ndi zimene zimaonetsa mmene chiwindi chilili. Anakuuzani chiyani za zimenezi potuluka?

Wa ku labu:
Ndiwonjezereko ziwiri. Pepala loyambalo musalidalire kwambiri. N-acetylcysteine akakhala wambiri m'magazi amasokoneza njira imene makina ambiri amayezera cholesterol, HDL ndi triglycerides, ndipo manambala amatuluka otsika kuposa mmene alili. Ife a ku labu timazidziwa zimenezi. Pepala lachiwirilo ndifunse: mwana anali atadya?

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse awiri, ndawerenga kawiri. Potuluka anati ALT inakwera koma ikutsika, INR ili bwino. Za kudya, eee anali atadya phala la nsinjiro ndi tiyi wamkaka, tinapita cha m'ma 9 koloko.

Wa ku labu:
Ndiye mwina nkhani ili pamenepo. Triglycerides amakwera munthu akangodya, n'chifukwa chake tikafuna nambala yeniyeni timati munthu abwere asanadye kanthu kwa maola 8 mpaka 12, madzi okha. Koma musamugoneke mwana ndi njala mwa inu nokha kuti mukayezetsenso mawa. Adokotala ndi amene anene nthawi, ndipo kawirikawiri amadikira masabata angapo munthu atachira. Onaninso ngati malire olembedwa pa pepalalo ndi a ana kapena a akuluakulu, chifukwa amasiyana.

Mayi wa ku Mchengautuwa:
Koma amayi enanu mumasiya bwanji mankhwala poti mwana afikire?

Mayi wa ku Luwinga:
Asisi, munthu wabwera ndi nkhawa kudzapempha nzeru. Mwana wazaka 4 amakoka mpando n'kukwera pomwe inu simungaganizire. Tiyeni timuthandize.

Namwino wopuma, Chibavi:
Mwana wanga, ine nkhawa yanga ili pa chakudyacho. Mwana wa msinkhu uwu, wochepa thupi, wangodwala kumene, amafunika mafuta kuti akule komanso kuti mavitamini A, D, E ndi K alowe bwino m'thupi. Phala la nsinjiro, dzira, peyala, usipa, nyemba, masamba otendera, mupatseni monga kale pokhapokha adokotala amene anamuona atanena zina. Ngati pali zoti muchepetse ndi zakumwa zotsekemera, maswiti ndi tchipisi cha tsiku ndi tsiku, chifukwa shuga wambiri amakweza triglycerides. Apongoziwo musalimbane nawo, akuopa chifukwa anaika amuna awo m'manda ndi nthenda ya mtima. Atengeni pa tsiku lobwerera kuchipatala akamve okha.

Wa zachipatala, Katoto:
Amayi anamwino akhudza mfundo yofunika. Nkhani ya agogo akewo mukaitchule kwa adokotala. Pali vuto la cholesterol yokwera loyenda m'magazi a pabanja, limapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 250, ndipo siligwirizana ndi panado. Chimakwera kwambiri pamenepo ndi LDL (imene amati cholesterol yoipa), osati triglycerides, ndiye pepala lanu silikuloza kumeneko. Komabe bambo ake a mwanayo ndi amene ayenera kukayezetsa mafuta ndi BP.

Mukaona maso kapena khungu lachikasu, mkodzo woderako kwambiri, kusanza kosalekeza, kupweteka m'mimba, kugonagona kapena kutuluka magazi m'kamwa ndi m'mphuno, musadikire tsiku lija, pitani pompopompo. Akatenthanso thupi musamupatse panado musanafunse, ndipo dziwani kuti mankhwala ambiri a chimfine ali ndi paracetamol m'kati, muziwerenga pa botolo. Aspirin ndiye musamupatse n'komwe mwana. Mukakhala ndi funso, mutha kuimbira Chipatala Cha Pa Foni.

Membala wobisa dzina:
Yewo chomene nonse. Madzulo ano wadya nsima ya dzira ndi mpiru wotendera. Ndawawerengera bambo ake zonsezi, avomera kuti nawonso akayezetsa tsiku lomwelo, ndipo apongozi tipita nawo. Mapepala onse awiri ndawaika m'buku lake la kuchipatala. Katsala kafunso kamodzi kwa a ku Katoto: ali pafupi kulandira mankhwala a njoka zam'mimba, ndimulole amwe kapena tidikire kaye aone ALT?

Wa zachipatala, Katoto:
Dikirani kaye, sizachangu. Mukawafunse adokotala akaona zotsatira zatsopanozo.